Dauda Abwerere M'bwalo

Japhet ankakoka galu wakufa kumuchotsa pakati pa bwalo pamene pikapu ya a Nevo inatulukira pa msewu wochokera ku Boksburg. Galuyo anali atatupa kale, ntchentche zitamuunjirira. Japhet anamumanga mwendo ndi waya, mphuno atatseka ndi malaya, n'kukamuponya kuseri kwa phiri la dothi lachikasu lotayidwa kuchokera m'migodi.

"Fulumira, Japhet! Alendo afika posachedwa," a Nevo anakuwa m'Chingerezi chawo chotulukira m'mphuno, asanatsike n'komwe m'galimoto. "Ndipo madzi ali kumapetowo muwakwirire ndi mchenga. Sindikufuna kuti aone zimenezo."

Madzi ankanenawo anali a m'zimbudzi. Paipi inali itaphulika kumtunda, ku nyumba za ku Reiger Park, ndipo zonyansazo zinkatsetsereka mpaka kuseri kwa mitengo ya zigoli. Miyezi yonseyi anyamata ankasewera n'kumalumpha chithaphwi chimenecho, mpira ukagweramo n'kumautola ndi ndodo, a Nevo osanenapo kanthu. Lero poti kukubwera azungu anzawo, mphuno yawo inayamba kugwira ntchito.

Japhet kwawo kunali ku Balaka. Asanabwere ku Joni anali goloboyi wa timu ya pakampani ina ku Limbe, munthu wamtali, wa manja ngati mafosholo. Atafika kuno mu 1993 anapeza ntchito yopakira katundu ku Jet Park, m'nyumba yosungiramo zitsulo za makina a m'migodi. Kumeneko n'kumene anadziwana ndi Neville Dunmore, mzungu wa ku Australia woyang'anira malonda, amene antchito onse ankangowatchula kuti a Nevo. Tsiku lina katoni inapulumuka pamwamba pa shelefu, Japhet n'kuiwakha isanagwere mnzake pamutu. A Nevo anaima n'kumuyang'ana nthawi yaitali. M'mawa mwake anabwera ndi mpira wofiira wooneka ngati papaya.

"Bwana, mpira umenewu unapondedwa ndi lole?" Japhet anafunsa.

A Nevo anaseka mpaka kutsokomola. Anamufotokozera kuti umenewu si ragibe, komanso si mpira wamiyendo umene anthu onse amaudziwa. Ndi mpira wa kwawo ku Australia. Umaumenya ndi mwendo, umaugwira ndi manja, ukamathamanga nawo umaunjanjitsa pansi. Zigoli zake ndi mitengo inayi mbali iliyonse, popanda goloboyi. Koma chokoma chenicheni n'kudumpha m'mwamba, ngakhale kupondera pamsana pa mnzako, n'kuwakha mpira uli m'malere. Ukatero woyimbira amakupatsa mpata woumenya popanda wokusokoneza.

A Nevo mpira umenewu unawadya thupi. Anasewera zaka zambiri m'matimu a ku Adelaide mpaka bondo linawakhalitsa pansi. Kenako anaphunzitsa matimu a m'matauni ang'onoang'ono a alimi a tirigu, ndipo kulikonse kumene anachoka ankati anachotsedwa chifukwa cha kaduka. Zala zawo zinali zopindikapindika, mphuno yokhotera kumanzere, ndipo ankazionetsa kwa anyamata monga mmene msilikali amaonetsera mamendulo. "Ine ndinasewera fainolo nthiti zitathyoka," ankatero. "Mpira uno si wa anthu olira." Japhet ankawagomera kwambiri. Anasewera m'timu yawo zaka zingapo mpaka phewa linaguluka, ndipo a Nevo anamuika kukhala wachiwiri wawo. Ntchito yake yaikulu inali pakamwa. M'timumo munali Azulu, Asotho, anyamata a ku Reiger Park komweko, a ku Mozambique ndi Amalawi, ndipo Chingerezi cha a Nevo ambiri chinkawadutsa pamwamba. A Nevo akalankhula, Japhet ankatembenuza.

Wosewera wawo wodalirika anali Dauda, mnyamata wa ku Namwera amene ankagulitsa masokosi, malamba ndi mabatire pamalo okwerera matekisi ku Boksburg. Japhet anamuona koyamba akulumpha mpanda wa pasiteshoni ya sitima, chikwama cha malonda chili kumsana, apolisi akumuthamangitsa. Apolisiwo anaima pampandapo n'kumangoyang'anana. Japhet anamufunafuna mpaka anamupeza, n'kumuuza kuti miyendo yotereyo ili ndi ntchito ina.

Tsiku la alendoli Dauda anafika akutafuna mpunga wa m'kontena, nsapato zili pakhosi.

"Iwe, anzako akutenthetsa thupi, iwe ukutenthetsa mimba?" Japhet anatero.

"Achimwene, mundisiye. Mlamu wanu wandiuza kuti ndikasiya ngakhale kambewu kamodzi ndisabwerere kunyumba."

"Ali bwanji Zaituni? Bwanji sanabwere kudzaona mwamuna wake akuuluka?"

"Wakhala pa malonda. Ndiponso ndi mimba ija akuti sangamaonerere amuna akuluakulu akukwerana pamsana ngati achule. Akuti mwana angadzabadwe wopusa ngati ife."

Anaseka onse awiri. Japhet anamumenya kambama kachikondi m'khosi n'kumukankhira kwa anzake.

Alendo anafika atatu, amuna awiri ndi mayi mmodzi wa kamera. Anachokera ku bungwe lina loyendetsa mpirawu ku Australia, ndipo ankayendera malo amene masewerawa ayamba kumera mu Afirika. Aliyense m'timumo ankadziwa kuti bungwelo likufuna munthu woti akayang'anire aphunzitsi a achinyamata kwawo komweko, ndipo a Nevo ntchito imeneyo ankaifuna ngati madzi. Anali atatopa n'kugulitsa zitsulo. Anawalandira alendowo akuseka mano onse panja, atavala jekete imene Japhet anali asanaionepo, n'kumawayendetsa mbali ya bwalo yotalikirana ndi chithaphwi chija.

Timu yobwera inali ya ku KwaThema, anyamata amphamvu, ambiri mwa iwo osewera ragibe akale. Unali mwezi wa Julaye, udzu utauma, nthaka italimba ngati simenti. Masewera amenewa amagawidwa zigawo zinayi, ndipo pofika chigawo chachitatu matimuwo anali pafupifupi ofanana. Dauda ndiye ankanyamula timu yonse. Akadumpha, mayi wa kamera uja ankagwada pansi n'kumajambula.

Kenako mpira unakwera m'mwamba kwambiri pakati pa bwalo. Dauda anathamanga, anaponda pamsana pa mnzake, n'kuuwakha pamwamba pa mitu ya onse. Ali m'malere momwemo, Thabiso, chimphona cha ku KwaThema chimene chinkabwera chikuyang'ana mpira, chinamugunda m'miyendo. Dauda anatembenuka, n'kugwa chamutu. Japhet anali kunja kwa mzere, komabe anamva kulira kwa mutuwo, ngati dzungu lagwa pathanthwe.

Atafika pomwepo anapeza Dauda ali gone, mpira akadaufumbatira pachifuwa, maso atatembenuka. Anamuthira madzi kumaso. Patapita nthawi anatsitsimuka, ndipo Japhet ndi Thabiso anamunyamula kupita naye kunja. Atangomukhazika pansi anasanza mpunga wonse uja pa nsapato za Japhet. Anayamba kulankhula Chiyao, kufunsa ngati mbuzi zatsekuliridwa.

"Dauda, ukundidziwa ine?"

"Achimwene... kuno n'kuti?"

"Kuno ndi ku Joni, mphwanga. Tili ku mpira."

"Mpira wanji?"

Kukhutu kwake kwakumanzere kunkatsika kamzere ka magazi osungunuka ngati osakaniza ndi madzi. A Nevo anafika akutsimphina ndi bondo lawo lija. Anagwada, anamugwira chibwano n'kumutembenuza uku ndi uku ngati munthu wosankha mbuzi pamsika. Ataona magaziwo anatenga thaulo, anapukuta khutulo msangamsanga, n'kulipinda thaulolo kuti pofiira pakhale mkati.

"Apume pang'ono. Chigawo chomaliza abwerera," anatero.

"Bwana, munthuyu sakudziwa kumene ali."

"Adziwa akaona mpira. Ine zimenezi zinandichitikira kambirimbiri, si ndine ndili panoyu?"

"Wasanza. Khutu likutuluka magazi."

"Wangodzikanda. Japhet, usandiphunzitse mpira umene ndinakuphunzitsa ndine." Anatsitsa mawu n'kuyang'ana kumene kunali alendo. "Popanda iyeyu tagonja, ndipo anthu awa abwera mtunda wautali. Muuze kuti mayi wa kamera uja wafunsa dzina lake. Muuze kuti akufuna kumutengera ku Australia, iye ndi mkazi wake, koma akufuna amuone akumaliza masewera."

Japhet anali pafupi ndi alendowo masana onse. Palibe amene anafunsa dzina la munthu aliyense. Anayang'ana a Nevo, a Nevo n'kumuyang'ananso ndi maso omwe aja amene anamuona nawo tsiku la katoni, maso amene anamuchititsa kudziona ngati munthu m'dziko limene ena onse ankangomutcha kwerekwere, dzina lonyozera obwera. Mluzu wa woyimbira unalira. Anyamata a timu yonse anali atawazungulira, akudikira kumva.

Japhet anagwada pafupi ndi Dauda, fungo la masanzi likumukwera m'mphuno, ndipo anatembenuza mawuwo m'Chichewa. Sanachotsepo kanthu. Anatchula Australia, anatchula Zaituni.

"Ndi Zaituni yemwe?" Dauda anafunsa, nkhope ikuwala ngati mwana.

"Atero a Nevo."

"Ndidzutseni, achimwene."

Anamudzutsa ndi manja ake omwe.

Dauda atalowa m'bwalo anayamba kuthamangira ku zigoli za timu yake yomwe, ndipo anthu oonerera anafa nacho chiseko. Mmodzi wa alendo aja anasekanso. Mnzake wa m'timu anamugwira Dauda dzanja n'kumutembenuza. Japhet anaima pamzere. Ankafuna kukuwa kuti masewera aime, koma nthawi iliyonse akatsegula pakamwa a Nevo ankakuwa malangizo ena, iye n'kupezeka akutembenuza amenewo.

Chodabwitsa n'chakuti thupi la Dauda linkakumbukira zimene mutu unaiwala. Kutatsala pang'ono kuti masewera athe, mpira unabwera kutsogolo kwa zigoli za a KwaThema, iye n'kudumphanso, n'kuuwakha. Anaumenya n'kudutsa pakati penipeni pa mitengo. Mluzu womaliza unalira, timu ya a Nevo itapambana. A Nevo anakumbatira alendo awo mmodzimmodzi. Anyamata anathamangira kwa Dauda kuti amunyamule, koma asanamufike anagwada yekha, anagwa chafufumimba, n'kuyamba kuphupha. Thovu linkatuluka m'kamwa, mkodzo n'kunyowetsa kabudula.

"Bwana, galimoto! Tipite naye kuchipatala!" Japhet anakuwa akuthamangira kwa a Nevo.

A Nevo anamukokera pambali, kutali ndi makutu a alendo. "Ine sindingawasiye anthu awa. Ndawakonzera chakudya ku hotela, ndipo mawa akunyamuka. Pezani tekisi." Anamugwira paphewa. "Ndipo tamvera. Kuchipatalako unene kuti wagwa pa lole, kapena kuti amumenya achifwamba. Ukangotchula mpira abwera apolisi, ayamba kufunsa mapepala a aliyense. Iwe ukudziwa kuti ndi angati m'timu muno amene ali ndi mapepala. Ndikuteteza inu nomwe."

Dzanja lija linali lofunda, lonyowa thukuta. Japhet analichotsa paphewa pake monga mmene munthu amachotsera mbozi. A Nevo anabwerera kwa alendo, ndipo Japhet anawamva akunena mosekerera kuti mnyamatayo wangotopa ndi ludzu.

Amene anawathandiza anali a KwaThema. Malume ake a Thabiso anali ndi kagalimoto kakale konyamulira nkhuku, ndipo Thabiso anamunyamula yekha Dauda m'manja, akulira, akubwerezabwereza m'Chizulu kuti sanamuone. Anamugoneka pa zitosi zouma kumbuyoko, mutu wake uli pamiyendo pa Japhet.

Kuchipatala namwino wachikulire anawafunsa chimene chachitika. Japhet ananena kuti ndi mpira.

"Wagwa nthawi yomweyo n'kuyamba kuphupha?"

"Ayi. Anagwa, anakomoka, anasanza. Kenako anabwerera m'bwalo."

Namwinoyo anavula magalasi. "Munthu wakomoka, wasanza, khutu likukha, ndiye n'kubwerera m'bwalo? Anamubweza ndani?"

"Mphunzitsi wathu ndiye analamula. Amene anamuuza ndine."

Mayiyo anangomuyang'ana kuyambira kumaso mpaka ku nsapato zokhala ndi mpunga wouma zija, n'kukankha machira kulowa nawo mkati. Apolisi sanabwere. Palibe amene anafunsa za mapepala.

Madokotala anapeza kuti chigaza chinang'aluka ndipo magazi anaundana mkati. Anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo. Dauda sanafe, koma amene anatuluka m'chipatala patapita milungu ingapo sanali mnyamata wolumpha mipanda uja. Khutu lakumanzere linagontha. Dzanja lakumanzere linkangolendewera, likagwira kapu n'kuigwetsa. Kuwala kwa dzuwa ndi phokoso la matekisi zinkamubaya m'mutu moti ankangokhala m'nyumba nsalu zitatsekedwa. Za tsiku la mpiralo sankakumbukira chilichonse. Japhet akapita kukamuona ankamufunsa funso limodzi, akamuyankha n'kudzafunsanso asanatsanzike: "Achimwene, kodi tinapambana?"

Kunyumba Japhet anasiya kudya bwino. Mkazi wake Mavis, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Benoni, anamva nkhani yonse ndipo sanamunyengerere.

"Inu bambo a Ida, pakamwa ndi panu kapena munabwereka kwa mzunguyo? Mukanatha kumuuza mwanayo kuti bwana akuti ugone pomwepo. Akanadziwa ndani?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukudziwa. Idyani, kusadya kwanu sikumudzutsa dzanja."

Kuntchito ankawazemba a Nevo. Akawaona akubwera mbali ino ya mashelefu, iye ankadzera mbali ina. Loweruka ku bwalo sankapitako. Koma tsiku lina polowa m'chipinda chodyera anapeza chithunzi chachikulu chitamatidwa pakhoma. Anali Dauda ali m'malere, bondo lili pamsana pa mnzake, mpira uli m'manja, kumbuyo kwake phiri lachikasu lija. Chinajambulidwa atatsala pang'ono kugundidwa. Pansi pake panalembedwa dzina la Neville Dunmore m'zilembo zikuluzikulu, mphunzitsi amene wadzala mpirawu mu Afirika. Dzina la Dauda panalibe. Antchito ankadya mikate yawo n'kumachiyamikira. Japhet anatuluka n'kukalavula kuseri kwa nyumbayo.

Masana a tsiku lomwelo a Nevo anamupeza akumanga makatoni.

"Wandisowa bwanji, mnzanga? Ntchito ija ndaipeza. Mwezi wamawa ndikupita kwathu." Ankamwetulira ngati mwana wopatsidwa siwiti. "Timu ndikusiyira iwe. Mipira, mayunifomu, zonse. Ndawauza kale akuluakulu aja za iwe. Ukhala mphunzitsi woyamba wakuda kuno ku East Rand. Koma Lamlungu undiperekeze kwa mnyamata wathu uja, ndikamutsanzike."

Japhet anafuna kukana. Kenako anaganiza kuti mwina munthuyu akaona ndi maso ake, china chake chimugwira. Anavomera.

Dauda ndi Zaituni ankakhala mu mkhukhu, kanyumba ka malata okhaokha, m'zisakasa zoyandikana ndi Reiger Park. A Nevo anaimika pikapu patali chifukwa cha matope, ndipo ankayenda akusankha popondapo, pepala la pulasitiki lili m'manja, kamera ili pakhosi. Zaituni anawalandira pakhomo, mimba itatsika, mpango wakuda uli kumutu. Anawalozera mpando umodzi wokhawo umene unalipo. Dauda anali atakhala pamatiresi, mutu wometedwa mbali imodzi, chipsera cha ulusi chikuzungulira pamwamba pa khutu. Ataona a Nevo anayesa kuimirira mwaulemu, n'kudzandira, Zaituni n'kumukhazikanso.

"Ngwazi yanga!" a Nevo anakuwa, Dauda n'kutsinzina ndi ululu wa phokosolo. Anatulutsa m'pepalamo malaya akale a mpira, opanda mikono, a mizere yobiriwira. "Japhet, muuze kuti awa ndi amene ndinavala pa fainolo ija. Sindinapatsepo munthu. Muuze kuti zipsera ngati chakecho ndi ulemu wa mwamuna wa mpira. Ndipo akuluakulu aja akhala akufunsa kuti mnyamata anagwa uja ali bwanji. Ndawauza kuti ali bwinobwino. Ndiye avale malayawa, aimike chala chachikulu m'mwamba, utijambule tili awiri. Tikhale mbali iyi kuti chipseracho chisaoneke."

Japhet sanatembenuze.

"Japhet, wamva? Muuze."

"Muuzeni nokha."

"Iwe ukudziwa kuti samva Chingerezi changa."

"Ndiye samva."

A Nevo anaseka pang'ono ngati akuganiza kuti ndi nthabwala. Ataona kuti palibe wina akuseka anayamba kulankhula okha kwa Dauda, mokweza, liwu limodzilimodzi, akuloza malaya, akuloza kamera, akuimika chala m'mwamba. Dauda ankangomwetulira mosokonezeka, akuyang'ana Japhet kuti amuthandize.

"Alamu, akuti chiyani azunguwa?" Zaituni anafunsa.

"Akufuna chithunzi, mlamu. Choti akaonetse kwawo kuti amuna anu ali bwino."

Zaituni anayang'ana malaya aja, anayang'ana kamera. Anapukuta manja pa chitenje pang'onopang'ono. "Ine ndikalankhula muwauza?"

"Zanuzo ndiwauza. Zonse."

Zaituni sanakweze mawu. Ananena kuti mwamuna wake anachoka m'mawa akuyenda ndi miyendo yake, atadya mpunga umene iye anaphika, ndipo anamubwezera munthu amene amamusambitsa ngati khanda. Ananena kuti m'chipatala monse muja ankayang'ana pakhomo kuti mwina bwana wa mpira abwera, koma amene ankabwera anali mnyamata wa ku KwaThema amene anamugunda mwangozi, atanyamula malalanje. Ananena kuti mwana ali m'mimbayu bambo ake sadzatha kumunyamula ndi manja awiri. "Muwafunse ngati kwawoko ali ndi mwana wamwamuna. Akadakhala wawo atasanza pansi, akadamubweza?"

Japhet ankatembenuza chiganizo chilichonse m'Chingerezi chomveka, osafewetsa, akuwayang'ana a Nevo m'maso. Nkhope ya a Nevo inafiira kuyambira m'khosi.

"Muuze kuti mpira ndi wotero. Aliyense wolowa m'bwalo amadziwa kuti angavulale. Palibe amene anamukakamiza, anadzuka yekha. Ndipo amene analankhula naye si ine, Japhet. Ine Chichewa sindichidziwa."

Apa ndi pamene Japhet anamva kuti chimene chinatsala mumtima mwake chokhudza munthuyu chatheratu. Anaona zala zopindika zija, mphuno yokhota ija, zinthu zimene kale ankazisirira, ndipo anangoona nkhalamba imene inalola kuti aiphwanye, ndiye ikufuna kuti ena onse aphwanyidwenso kuti kuphwanyika kwakeko kuoneke ngati nzeru.

"Neville," anatero, koyamba kumutchula dzina popanda ulemu, "tenga malaya akowo uzipita. Mipira yakonso upite nayo. Ine timu yako sindikuifuna."

"Ukutaya mwayi umene sudzaupezanso. Ndinakutola ukunyamula makatoni."

"Ndikunyamulabe. Msewu ndi womwe unadzera uja."

Neville anaika malayawo pampando, koma Zaituni anawanyamula ndi zala ziwiri n'kumupatsanso m'manja. Neville anatuluka atawerama chifukwa chitseko chinali chachifupi. Anamumva akutukwana panja, phazi litalowa m'matope.

Japhet anaimirira kuti atsanzike, koma Zaituni anamuimitsa.

"Alamu, musaganize kuti mwayera poti mwathamangitsa mzungu. Mawu ndalankhula aja, theka ndi anu. Iye Dauda mzunguyo sankamumva. Ankamva inu."

"Ndi zoona, mlamu."

"Zoona sizigulitsa masokosi. Ine masiku anga ayandikira, sindingathenso kunyamula zikwama zija mpaka ku matekisi. Malo athu ena ayamba kale kuwasuzumira. Loweruka ndi Lamlungu muli ndi chochita?"

"Ndilibe."

"Ndiye mubwere m'mawa. Ndikuonetsani poyala."

Kuyambira Loweruka limenelo Japhet ankapezeka pamalo okwerera matekisi ku Boksburg, munthu wamtali ataima kuseri kwa katebulo ka masokosi, malamba ndi mabatire, akuphunzira kuitanira makasitomala m'Chizulu. Anyamata a timu ija anabwera kangapo kudzamupempha kuti abwerere. Thabiso nayenso anabwera, akuti ku KwaThema akusowa mphunzitsi. Japhet ankawapatsa moni bwinobwino n'kuwauza kuti ali pa ntchito. Neville atanyamuka, timu ya ku Reiger Park inasewera kangapo yokha kenako inabalalika, ndipo anthu a m'zisakasa anazula mitengo ya zigoli n'kukamangira nyumba.

Zaituni anabereka mwana wamkazi mvula yoyamba itagwa. Chakumapeto kwa chaka Dauda anayamba kutha kupirira kuwala, ndipo masiku ena ankabwera kudzakhala pa kreti pambali pa tebulo, atavala chipewa chachikulu, thonje lili kukhutu. Ntchito yake inali yophatikiza masokosi awiriawiri ndi dzanja lamanja, Japhet n'kumapinda.

Tsiku lina masana, makasitomala atachepa, Dauda anasiya masokosi n'kumuyang'ana, nkhope itakwinyika ngati munthu amene wakumbukira chinthu chofunika.

"Achimwene, mpira uja. Kodi tinapambana?"

Japhet anatola sokosi lakuda patebulo.

"Tinapambana, mphwanga," anatero. "Ndipatse lakuda linalo."